Mutu 6: Mpweya Wosowa Potulukira

1. Loweruka la Ukwati

M'nyumba ya a Yesaya ku Chikanda munali lamulo limodzi limene ngakhale mphaka ankalidziwa: kompyuta siikhudzidwa. Inkakhala m'kachipinda koyang'ana kumsewu, mmene a Yesaya ankatayipiramo ndi kusindikiza ntchito za ophunzira a ku yunivesite ya ku Chirunga. Banja lonse linkadalira kompyuta imeneyo. Inali yakale, ya bokosi lachitsulo lija anthu amangolitcha sipiyu, ndipo m'mwezi wa Okutobala, malata akayamba kuthetheka ndi dzuwa, nayo inkalira ngati chigayo.

Hopewell, mwana wawo wa Fomu 2, anali atangolowa kalabu ya makompyuta kusukulu. Anali ataphunzirako masabata atatu okha, koma mukanamumva akuyankhula mukanayesa ndiye anapanga kompyuta yoyamba padziko lapansi. Bambo ake anaziona zimenezi, ndipo tsiku lina anamukhazika pansi.

"Tamvera, Hopewell," anatero. "Ndikudziwa kuti manja akukuyabwa. Kusukulu kwanuko muzitsegula zimene aphunzitsi akupatsani. Iyi ndi khasu langa. Munthu sapereka khasu lake kwa mwana kuti akaphunzirire kulima pamiyala. Ukufuna kudziwa kanthu, funsa. Safunsa anadya phula. Tsiku limene ndidzapeze chala cha munthu m'kati mwa bokosi ili, munthu ameneyo adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Ndanena kamodzi, ndipo ukundidziwa kuti mawu anga sindibweza."

Hopewell anavomera ndi mutu, maso ali pabokosi pomwepo.

Loweruka lina a Yesaya ndi akazi awo anapita ku ukwati m'tauni. Pakhomo panatsala Hopewell ndi msuweni wake Aggie, mwana wa malemu mlongo wawo wa a Yesaya. Aggie anabwera chaka chatha kuchokera kumudzi ku Jali kuti adzaphunzire ali kwa amalume ake, ndipo tsopano anali Sitandade 8. Tsikulo anali kuseri kwa nyumba, akuchapa.

Hopewell anatenga sikuludiraiva m'dirowa n'kutsegula bokosi lija. M'katimo fumbi linali litaundana ngati thonje lakuda. M'makoma a bokosilo munali mafani awiri, imodzi kutsogolo cham'munsi, ina kumbuyo cham'mwamba. Asanawamasule anayatsa kompyuta n'kuika dzanja. Yakutsogolo inkakoka mphepo kulowetsa m'kati. Yakumbuyo inkaitulutsa kunja, n'kumaiwomba kukhoma la nyumba.

"Taonani kupusa kwake!" anadziyankhulira. "Kunja kukutentha chonchi, fani n'kumakupiza khoma? Khoma ndi limene likumva kutentha? Munthu akakomoka ndi dzuwa amamukupiza anthu awiri, osati wina azikupiza wina atamufulatira."

Anazimitsa, anamasula mafani onse awiri, anawapukuta ndi mswachi wakale mpaka kuwala. Pobwezera, yakumbuyo ija anaitembenuza dala kuti nayo iziuzira m'kati. Atayatsa, kompyuta inangoti phee, osaliranso. Mnyamata anadziguguda pachifuwa. Anaidikira mphindi zisanu zokha, n'kuzimitsa, n'kupita kumpira. Akanadikira theka la ola, bwenzi nkhani ino kulibe.

2. Bokosi Lotentha

Lolemba masana, pochokera kusukulu, Hopewell anamva mawu a bambo ake akadali pampopi, nyumba zitatu asanafike kwawo.

Pakhonde panaima mtsikana wa ku Chirunga, fulashi yosungiramo ntchito yake ili m'manja, maso ali psuu. Ntchito yake inkafunika tsiku lomwelo folo koloko isanakwane. Kompyuta inali itazima yokha katatu, ndipo ulendo wachitatu inapita ndi masamba khumi ndi awiri amene a Yesaya anali atangotayipa.

"Magetsi sanathime," ankatero a Yesaya. "Taonani babu likuyaka. Nanga iyi ikuzimiranji?"

Anaika dzanja pabokosi lija n'kulichotsa msanga ngati akhudza simbi ya makala. M'kachipindamo munkamveka fungo la pulasitiki wotentha. Mtsikana uja anatembenuka osatsanzika n'kupita kukasindikiza kwina, ndipo anthu amene anaima pamsewu anaona zonse.

"Ndani wakhudza kompyuta yanga?"

Hopewell anali atangofika pakhonde. Bambo ake anamuyang'ana, koma maso awo anangomudutsa n'kukaima pa Aggie, amene ankatuluka kukhitchini atanyamula beseni.

"Iwe! Loweruka m'mawa ndinakuona ukupukuta muno. Nsalu ija inali yonyowa kapena youma?"

Aggie anatula beseni n'kugwada. "Inali yonyowa pang'ono, malume. Koma ndinaifinya, ndipo ndinangopukuta tebulo lokha."

"Mwamva? Yonyowa! Madzi ndi magetsi anayamba liti chibale?"

Tsoka la Aggie linali lakuti anali kale ndi milandu iwiri. Mu Juni anaswa fulasiki ya tiyi, ndipo mu Ogasiti anawotcha kolala ya shati ya kutchalitchi ya amalume ake. Munthu ukaswa fulasiki kamodzi, chilichonse chikagwa m'nyumba maso onse amakhala pa iwe.

"Ndinakutenga kumudzi chifukwa cha malemu mlongo wanga," anatero a Yesaya. "Ndinati mwana wa mlongo wanga asakhale mbuli ine ndili moyo. Fulasiki ndinakhululuka. Shati ndinakhululuka. Lero wagwira banja lonse pakhosi. Ana a ku Chirunga amauzana, mawa lino onse akhala atamva kuti kwa Yesaya ntchito za anthu zimasowa. Ndiye tizidya chiyani? Kuyambira lero usapondenso m'chipinda muno. Loweruka ndikakukweza minibasi, ubwerere ku Jali."

Aliyense m'nyumbamo ankadziwa chimene chinkamudikira Aggie ku Jali. Kunali agogo ake odwaladwala, kunalinso achibale amene anali atayamba kale kunena kuti mtsikana wotha msinkhu sukulu ndi yachani, pamene pali bambo wina wogulitsa nsomba amene akufuna mkazi wachiwiri. Kubwerera ku Jali kunali kutsanzikana ndi sukulu.

Aggie sanalire. Anadzuka, anatola beseni lake, ndipo podutsa anamuyang'ana Hopewell kamodzi kokha. Hopewell anayang'ana nsapato zake.

M'mawa mwake Aggie anadzuka monga mwa masiku onse. Anasesa pabwalo, anakoleza mbaula, n'kuika madzi osamba a Hopewell kubafa. Hopewell anasamba madzi ofundawo n'kupita kusukulu.

3. Kwa Che Idrissa

Lachiwiri ataweruka, Hopewell sanatenge njira ya ku Chikanda. Analowera m'tauni. Kunkatentha koopsa. Paphiri pankafuka utsi, moto utalusanso m'nkhalango ya paini, ndipo timaphulusa takuda tinkagwera anthu m'mitu.

Kuseri kwa msika, pakati pa matelala, panali kashopu ka Che Idrissa. Akuluwa anayamba ndi kukonza mawayilesi, ndipo imvi zinawapeza akukonza makompyuta. Hopewell anawapeza akumwa tiyi wopanda mkaka dzuwa lonselo, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Zikomo, Che Idrissa. Ndili ndi funso. Pali mnzanga wina wa kusukulu..."

"Eee, anzawo a ana a masiku ano," anamudula. "Onse amalakwa, ndipo onse alibe maina. Khala apo, mwanache. Mnzakoyo watani?"

Hopewell anafotokoza zonse. Che Idrissa anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero. "Mnzakoyo ndiye ameneyo. Tandiuza, khitchini ya kumudzi kwanu ili ndi khomo lokha? Ili ndi khomo, ilinso ndi mpata pamwamba, pansi pa denga. Mpweya wabwino umalowera pakhomo, utsi umatulukira pamwamba. Tseka mpata umenewo, uike anthu awiri pakhomo azikupizira m'kati, uone ngati wophikayo atulukemo ndi moyo. Bokosi la kompyuta ndi chimodzimodzi. M'katimo muli zinthu zimene zimatentha zikamagwira ntchito. Fani yakutsogolo imalowetsa mpweya wozizira cham'munsi. Mpweyawo ukadutsa pa zinthu zija umanyamula kutentha, umakwera m'mwamba, ndiye fani yakumbuyo imautaya kunja. Imene mnzako ankaiyesa yopusa ija ndi imene imapulumutsa kompyuta."

"Nanga onse awiri akamauzira m'kati?"

"Amalimbana. Iyi ikukankha uku, iyo ikukankha uko, mpweya wotentha uli pakati, kusowa potulukira. Choipa china, bokosilo munaligunditsa kukhoma, si choncho? Pamwamba pa fani yakumbuyo pali kabokosi ka magetsi, nako kamataya mpweya wake wotentha komweko. Tsopano fani yotembenuzidwayo ikumwa mpweya umenewo n'kuubwezera m'kati. Ndi dzuwa la Okutobala lino, pansi pa malata! Kompyutayo ikuzima yokha pofuna kudzipulumutsa. Mukapitiriza kuikakamiza, tsiku lina izima osadzukanso."

Hopewell anagwira m'mphepete mwa benchi.

Che Idrissa anatola fani yakufa pa mulu wa zitsulo n'kumupatsa. "Taona. Mbali iyi ili poyera, ukungoona mapiko okha. Uku ndi kumene mpweya umalowera. Tembenuza. Mbali iyi ili ndi timipiringidzo tinayi ndi sitika pakati, waya akuchokera pomwepo. Uku ndi kumene umatulukira. Ndiye fani yakumbuyo sitika iyang'ane kunja, yakutsogolo sitika iyang'ane m'kati. Pambali apa palinso timivi tiwiri tosonyeza njira, koma ana a masiku ano sayang'ana muvi, amathamangira sikuludiraiva. Ukamaliza tenga kapepala kopyapyala. Uike kutsogolo: kakamatira, ndiye kuti ikukoka. Uike kumbuyo: kakauluka, ndiye kuti ikutaya. Bokosilo ulisendeze kuchoka kukhoma, lipume. Ndipo usanagwire kalikonse zula waya pakhoma. Magetsi sadziwa kuti uyu ndi mwana."

"Zikomo kwambiri. Ndikamuuza."

Anadzuka kuti azipita, koma akuluwo anamugwira dzanja.

"Sindinathe. Fani ndi nkhani ya masikuluwu anayi, ngakhale mawa ichira. Funso langa ndi ili. Chinthu chikawonongeka pakhomo, mwini wake amafuna wolakwa. Mlanduwu wagwera ndani?"

Hopewell anayang'ana kumbali.

"Ndaona. Wagwera wina. Tamvera, mwanache. Ndakhala pabenchi ino zaka makumi atatu, ndipo ndaona ana ambiri akubwera ndi mnzawo wopanda dzina. Amene anawononga chinthu n'kuvomera, lero ena ndi amisiri, chifukwa palibe mmisiri amene sanawotchepo chinthu. Ine ndinawotcha wayilesi ya bambo anga ndili ndi zaka ngati zakozo. Ndinakwapulidwa, ndipo mikwingwirima inatha sabata isanathe. Koma amene amakonza mwakachetechete n'kusiya mnzake atasenza mlandu, ameneyo ndi amene ndimamuopa. Mlandu suola. Ukaukwirira apa umakamera pena, pamene sukufuna. Ukamuuze mnzakoyo kuti ayambe wakamba ndi mwini kompyuta, sikuludiraiva ibwere pambuyo. Akayamba ndi sikuludiraiva adzalira."

Hopewell anavomera. Koma njira yonse ya ku Chikanda ankangobwereza za sitika ndi kapepala. Mawu enawo anawasiya pabenchi pomwepo.

4. Masikuluwu Anayi

Lachitatu m'mawa a Yesaya ananena kuti masana apita m'tauni kukagula mapepala ndi kukapangana ndi mmisiri woti adzaone kompyuta Lachisanu. Hopewell atamva mawu oti mmisiri, anadziwa kuti zake zada. Mmisiri akanangotsegula bokosi akanaona fani yoyera mbee itayang'ana kolakwika, ndipo akanadziwa kuti imeneyo si ntchito ya nsalu yonyowa.

Anathawa phunziro lomaliza. Kunyumba kunali zii, poti mayi ake anali kumsika kumene ankagulitsa kaunjika. Anazula waya pakhoma monga anauzidwira. Akumasula bokosi lija, sikuluwu imodzi inagwera pansi pa tebulo. Akuifufuza chokwawa, anaona mapazi awiri pakhomo.

Anali Aggie. Anaima kunja kwa chitseko, osaponda m'kati ngakhale ndi chala, poti analetsedwa.

"Mukubwezera mmene zinalili, msuweni?"

Hopewell anadzigunda mutu kutebulo podzuka. "Ukunena chiyani iwe?"

"Ndinakuonani Loweruka. Ndinabwera kudzatenga sopo, ndinakupezani mukupukuta ndi mswachi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kwa ndani? Inu ndinu mwana wa m'nyumba. Ine ndine woswa fulasiki." Anapukuta manja pachitenje chake. "Ndimadikira kuti munene nokha. Lolemba ndinadikira. Dzulo ndinadikira."

Manyazi anamugwira Hopewell, koma mantha anali aakulu kuposa manyazi.

"Tamvera, Aggie. Ndikuikonza pompano. Ikayamba kugwira ntchito, adadi mtima ukhala pansi ndipo akukhululukira. Palibe amene apite ku Jali, palibenso amene akwapulidwe. Tonse tipulumuka."

"Ndikuopa, msuweni," anatero Aggie motsitsa mawu. "Bambo wa nsomba uja ali ndi ana aakulu kuposa ine. Chonde, auzeni malume."

"Ndati ndikonza. Ingodikira uone."

Anamasula fani yakumbuyo, anaitembenuza sitika kuyang'ana kunja, n'kumanga. Bokosi analisendeza pang'ono kuchoka kukhoma. Atayatsa, anang'amba kapepala m'kope lake la masamu. Kutsogolo kanamatira. Kumbuyo kanauluka. Mpweya wofunda unamuwomba padzanja, ndipo anausa moyo ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Atacheuka, pakhomo panalibe munthu.

5. Madzi Aja Auma

A Yesaya anafika cha m'ma fili koloko. Anayatsa kompyuta mongoyesa mwayi, dzanja lili pabokosi. Theka la ola linatha. Ola linatha. Anatayipa kalata, anasindikiza, bokosi lili lozizira ndithu. Hopewell anali pakhonde, atatsegula buku limene sankaliwerenga n'komwe, akudikira kuti amve bambo ake akuseka n'kuitana Aggie.

Anasekadi. Mayi a Hopewell atangofika kuchokera kumsika, a Yesaya anaitana banja lonse.

"Mwaona? Madzi aja auma! Ndimanena ine. Masiku awiri okha mwana uyu osapondamo, kompyuta yachira yokha. Za mmisiri zatha, ndimuimbira asabwere. Tsopano alipo wina angandiuze kuti ndinamunamizira?"

Apa Hopewell anazindikira chimene anachita. Umboni wokhawo umene ukanapulumutsa Aggie anali ataufufuta yekha ndi manja ake, masana omwewo.

"Ndipo za Loweruka zasintha," anapitiriza a Yesaya. "Ndakumana ndi anzanga a Nickson m'tauni. Mawa m'mawa akupita ku Jali ndi galimoto yawo kukagula nandolo, ndiye ati akutengera. Longedza."

"Bambo a Hopewell," anatero mayi, "kompyuta yachira. Mwanayu osangomukhululukira?"

"Kuti ulendo wina adzathiremo ndowa yonse? Ayi. Ndanena."

Apa ndi pamene Hopewell anayenera kutsegula pakamwa. Anatseguladi. Koma bambo ake anatembenuka n'kumusisita pamutu.

"Iwe ndiye mwana womvera. Manja akukuyabwa koma sunakhudze. Ukadzamaliza Fomu 4, kompyuta imeneyi idzakhala yako."

Pakamwa paja panatsekeka.

Dzuwa likulowa kuseri kwa phiri, mayi ake anamupeza kuseri kwa nyumba atangokhala panjerwa. Anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Hopewell, ndinakubala ndine. Kuyambira Lolemba sukudya, ndipo bambo ako akatsokomola ukudumpha. Sindikufunsa kanthu. Ndingokuuza izi. Aggie alibe mayi woti amuyankhulire, alibe bambo. M'nyumba muno mawu ake ndi opepuka, ako ndi olemera. Mwana wamasiye akanamiziridwa salira mokweza, amangomeza, koma misozi yakeyo siigwa pachabe. Ngati pali chimene ukudziwa, mkwapulo supha munthu. Galimoto ikanyamuka mawa, chimene unganene pambuyo pake chidzakhala ngati kuthira mankhwala nkhuku itafa kale."

"Palibe, amayi," anatero Hopewell.

Mayi ake anapukusa mutu n'kukathandiza Aggie kupinda zovala.

6. Galimoto ya Nandolo

Lachinayi m'mawa galimoto ya a Nickson inaliza hutala pamsewu. Aggie anatuluka ndi thumba la zovala. Yunifolomu anaisiya itapindidwa pampando, ati ikhoza kuthandiza mwana wina. Makope ake anawakumbatira pachifuwa.

Anagwada kutsanzika akuluakulu. Kenaka anatembenukira kwa Hopewell.

"Tsalani bwino, msuweni. Muzilimbikira sukulu."

Hopewell anatola chikwama chake n'kuuyamba wa kusukulu galimoto isananyamuke, akuyenda ngati pali chomuthamangitsa. Atayenda kamtunda ndithu anakumana ndi atsikana a Sitandade 8, masache ali m'manja.

"Achimwene, Aggie akubwera?" anafunsa mmodzi. "Lero tili ndi mayeso a masamu, ndiye anati atiphunzitsako tisanalowe."

Hopewell anawalambalala. Anapitirira pang'ono chabe. Anaima pakati pa njira, akabaza akumuimbira mabelu ndi kumukalipira. Mantha sanamuchoke ngakhale pang'ono. Anatembenuka nawo choncho, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka kubwerera kunyumba.

Galimoto inali itapita kalekale. Mayi ake anali atanyamuka wa kumsika. Bambo ake anali m'kachipinda muja, akutayipa uku akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

"Waiwala chiyani?"

Hopewell anagwada. Mawu anatuluka odukaduka, mpweya ukumuperewera.

"Adadi, si Aggie. Ndine. Ndinatsegula Loweruka muli ku ukwati. Ndinatembenuza fani yakumbuyo kuti iziuzira m'kati, n'chifukwa chake inkatentha. Dzulo ndinaibwezera inu muli m'tauni. Madzi sanalowemo. Aggie anandiona, koma sananene."

Zala za a Yesaya zinaima pamwamba pa mabatani. Hopewell anatsinzina, akudikira lamba. Lamba sanabwere. Atatsegula maso anaona chinthu chimene anali asanachionepo chibadwire: bambo ake ali ndi mantha.

"Wati anakuona, koma sananene?"

"Eya, adadi."

"Ndiye kuti ndathamangitsa mwana wa mlongo wanga wosalakwa." Anayankhula ngati akuuza khoma. "Za iwe tikambabe. Ndipatse foni."

Anaimba kawiri osayankhidwa. Kachitatu a Nickson anayankha. A Yesaya anakweza mawu a foni n'kuiika patebulo.

"A Nickson, muli pati? Imani pomwepo. Mwanayo abwerere, ndikubwera kudzamutenga."

Kunamveka phokoso la magalimoto ndi anthu otsatsa malonda. Kenaka a Nickson anayankhula.

"Achimwene, inenso ndimati ndikuimbireni. Tikadali pa Matawale, sitinapite patali. Ndinaima kuti ndipopetse tayala, ndiye mwana uja anati akufuna akamwe madzi. Tamudikira, tamufuna kuseri kwa mashopu, tafunsa akabaza onse a pasiteji. Thumba la zovala lili m'galimoto muno, koma mwini wake kulibe. Wangotenga makope okha."

A Yesaya anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Anatulukira pakhonde osavala nsapato, kenaka anabwerera n'kumuyang'ana Hopewell, amene anali akadagwada.

"Dzuka," anatero. "Ndiwe amene ukudziwa anzake ndi njira zake. Tikapanda kumupeza lero, udzandiuze chimene ndikanene pamanda a mlongo wanga."